Amuna anga akuti ndisankhepo: banja kapena komiti ya chitukuko

Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 26, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Timakhala kumudzi, kutali ndi kuboma. Mwana wachiwiriyu ndidaberekera pangolo, usiku, m'mbali mwa mtsinje, chifukwa mlatho wopita kuchipatala udakokoloka ndipo mpaka lero sudakonzedwe. Adatipulumutsa ndi Mulungu yekha. Mjigo wathu nawo udafa, uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri, moti tikumwa madzi a m'dambo ndipo ana sakhalira kutsegula m'mimba.

Mwezi wathawu kwa agulupu athu kudali chisankho cha komiti ya chitukuko, ija amati VDC. Ine ndidangopita kukaonerera, koma nditaimirira n'kunena za mlatho ndi mjigo, amayi anzanga adatchula dzina langa ndipo ndidasankhidwa kukhala mlembi poti ndidafika Fomu 4. Kunyumba nkhaniyi yavuta. Amuna anga akuti zimenezi ndi zandale, za madala ndi mafumu, ndipo ndikungotaya nthawi pakuti kulibe ngakhale alawansi. Akutinso amayi a m'makomiti amayamba mwano ndi zibwenzi. Apongozi anga aakazi akuti mkazi wolankhula pabwalo pamaso pa amuna ndi wosalangidwa. Dzana amuna angawo adandiuza kuti ndisankhepo, banja kapena komiti. Ndimawakonda, sadandimenyepo, ndipo ana amawasamala. Koma mtima wanga ukukana kusiya. Nditani?

Mayi wothedwa nzeru,
Chigawo chapakati

Mwana wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo nditafika paja ukunena za ngolo m'mbali mwa mtsinje ndidayamba ndaiika pansi kaye. Unamwino ndi uzamba ndaugwira zaka zoposa 30, ndiye ndikudziwa chimene chikadachitika usiku umenewo nsengwa ikadakanirira kapena magazi akadayamba kutayika. Mayi wotaya magazi kwambiri atangobereka angathe kutisiya pasanathe maola awiri. Pangolo palibe jakisoni woletsa magazi, palibe diripi. Uthokoze Mulungu, inde, koma Mulungu yemweyo adakupatsanso pakamwa.

Ndikuyankhe mosazungulira: banja usathetse, komitinso usasiye. Ziwirizi sizilimbana. Komiti walowayo ikukamba za madzi amene ana a amuna akowo akumwa, ndi za mlatho umene mkazi wawo adatsala pang'ono kuferapo. Ndi nkhani ya m'nyumba mwawo momwemo, kungoti ikukambidwira pabwalo la agulupu.

Ndikuuze zimene zidandichitikira, chifukwa pankhani imeneyi nanenso ndili ndi mlandu. Cha m'ma 2003 ndinkagwira ntchito pachipatala china chaching'ono chakumudzi, dzina ndisatchule. Tidalipo anamwino awiri okha, ndipo mnzanga akapita kutchuthi ndinkagona ndi yunifolomu. Tsiku lina kudabwera uthenga woti kwa mfumu yaikulu kuli msonkhano, kwapezeka ndalama za chitukuko ndipo anthu asankhe chimene akufuna. Ine adandiitana kuti ndikapereke uphungu wa zaumoyo. Ndidayang'ana mzere wa amayi a sikelo, n'kufunsa ngati kumsonkhanoko kuli kangachepe. Atandiuza kuti kulibe ndidati, "Akakambirane okha, ine ndili ndi odwala." Amayi a m'deralo nawonso sadapite, poti idali nyengo yopalira. Kudapita abambo okhaokha, ndipo adagwirizana zomanga nyumba yoweruziramo milandu kuti asamanyowe ndi mvula pabwalo. Nyumbayo idamangidwa ndithu, yokongola, ya malata. Kamtsinje kamene kankadula midzi isanu kuti isafike kuchipatala kadatsala momwemo.

Dzinja lotsatira, m'bandakucha wina, adabwera naye mayi pamachira. Adaberekera kunyumba, magazi osaleka, ndipo abale ake adakhala naye tsidya lina maola atatu kudikira kuti madzi aphwe. Pofika kwa ine n'kuti manja atazizira kale. Ndidayesa zonse zimene adandiphunzitsa kukoleji, koma zidakanika. Adasiya khanda lamoyo ndi ana ena atatu. Sindikunena kuti ndikadapita kumsonkhano kuja ndiye kuti mlatho ukadamangidwa basi; mwina abambo aja akadandiposa mawu. Koma padalibe ndi mmodzi yemwe wotchula za kamtsinje kaja, pamene wodziwa bwino kuopsa kwake ndidali ine. Mpaka lero ndikamva mvula ikugunda pamalata usiku, mayi uja amandibwerera m'maso.

Ife azaumoyo timati mayi woyembekezera amaphedwa ndi kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kunyamuka panyumba, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika kuchipatala. Koyambako timalimbana nako ndi malangizo a kusikelo. Kwachiwiri ndi kwachitatu sikumva malangizo ayi. Kumafuna mlatho, mafuta a ambulasi, nyumba ya namwino pafupi ndi chipatala, nyali m'chipinda choberekera, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimayamba chalembedwa mu bajeti. Kafukufuku wa boma wa mu 2000 adapeza kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira kaamba ka uchembere. Mu 2004 chiwerengerocho chidali 984, mu 2010 chidafika 675, ndipo pofika 2016 chidali 439. Kutsika kumeneku sikudachokere m'manja mwa ife anamwino tokha. Mafumu monga Inkosi Kwataine a ku Ntcheu adaikapo mtima, midzi idaumba njerwa za nyumba za chidikiro, ndipo anthu wamba adayamba kufunsa mafunso.

Tsono amuna ako akuti ndi zandale. Tiye tione mmene ndalama za chitukuko zimayendera, kuti ukamawafotokozera uzinena chinthu chimene ukuchidziwa.

Mu 1998 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono pamodzi ndi ndondomeko ija timati mphamvu ku anthu. Cholinga chidali choti nkhani za sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, madzi, misika ndi misewu ya m'midzi zisamagamulidwe ku Capital Hill kokha ndi anthu osadziwa n'komwe kumene mtsinje wanu uli, koma kukhonsolo ya boma lanu. Makhansala tidawasankha mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo kuchokera pamenepo tidakhala zaka 9 popanda khansala mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014. Zaka zimenezo ndi zomwe amuna akowo ankakula. Adakula akuona chitukuko chikubwera ngati mphatso ya phungu kapena ya bungwe, ndi magule ndi nsalu zachipani. Ndiye usawaweruze kwambiri akamati ndi zandale. Akunena zimene adaona.

Koma njira yake yeniyeni imayambira pampando wakhala iwewo. VDC imakhala kwa gulupu, ndipo mamembala ake amasankhidwa ndi anthu, amuna ndi akazi. Mfumu ndi mlangizi wa komiti, osati mwini wake. Ntchito yanu yaikulu ndi kusonkhanitsa midzi, kumva mavuto, kugwirizana kuti loyamba ndi liti, lachiwiri ndi liti, n'kulemba ndondomeko ya ntchito za m'mudzi imene alangizi amaitchula kuti VAP. Zimene mwalembazo zimapita ku ADC, komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, kumene zimakakumana ndi zofuna za magulupu ena. Kumeneko kumakhalanso alangizi a boma, azaumoyo, azaulimi, azamaphunziro, amene amathandiza ndi ukadaulo. Mpando umene ndidauthawa ine tsiku lija ndi umenewo. Kuchoka apo zimapita kuofesi ya bwanamkubwa, akatswiri amaziika mu pulani ya chitukuko ya boma lonse, ndipo chaka ndi chaka makhansala amakhala pansi n'kuvomereza bajeti.

Ukaona njira imeneyi, umvetsa chifukwa chake mlembi ndi munthu wofunika kuposa mmene apongozi ako akuganizira. Vuto limene silidalembedwe kwa gulupu silikwera kupita ku ADC, ndipo limene silidafike ku ADC, kuboma salidziwa. Anthu ambiri amadzuka mochedwa, akaona njerwa zikutsitsidwa ndi pomwe amayamba kudandaula kuti bwanji akumanga chakuti osati chakuti. Pamenepo n'kuti zitathera kale papepala miyezi yambiri m'mbuyomo. Ndipo dziwa kalendala: kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, pamene kale chinkayamba mu July. Kutanthauza kuti bajeti imakonzedwa m'miyezi ya mvula, nthawi imene amayi muli kalikiliki kumunda. Ndi momwe timaluzira.

Nanga ndalamazo n'zayani? Gawo lalikulu limachokera kulikulu la boma, ndipo ndi misonkho yomwe amuna ako amadula osadziwa akagula sopo kapena mayunitsi a foni. Zina khonsolo imatolera yokha: chiphaso chimene mayi wa tomato amadula pamsika tsiku lililonse, malaisensi a mabizinesi, ndipo m'mizinda msonkho wa nyumba ndi malo. Padakhazikitsidwanso thumba la chitukuko cha boma lonse lotchedwa DDF, ndi lina lodziwika kwambiri la CDF, la dera la phungu, limene lidayamba mu 2006. Mu 2022 dera lililonse linkapatsidwa K100 miliyoni, ndipo mu 2024 idakwera kufika K200 miliyoni. Anthu ambiri adazolowera kuvinira phungu akamanga kamlatho ndi ndalama zimenezi ngati watapa m'thumba mwake. Si za m'thumba mwake. Mu 2025 bwalo lalikulu la milandu lidachita kugamula kuti kuyendetsa thumba limeneli si ntchito ya aphungu. Munthu akakubwezera chako umathokoza mwaulemu, koma sugwada.

Tibwere ku mavuto ako awiri aja, chifukwa sali ofanana ndipo usawanyamule mtolo umodzi.

Mjigo uyambe nawo, ndipo usadikire khonsolo. Malamulo a madzi akumidzi amati kukonza zing'onozing'ono ndi udindo wa eni mjigo kudzera m'komiti ya pamjigo, ija imatolera kandalama mwezi ndi mwezi. Mijigo yambiri m'dziko muno ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo kawirikawiri chimene chimafa ndi timarabala ta m'kati kapena ndodo zachitsulo zimene zimaduka, zinthu zoti mmisiri wa mijigo wa m'dera lanu angathe kusintha tsiku limodzi. Ndaonapo mudzi ukumwa madzi a ng'ombe chaka chathunthu kaamba ka karabala kotsika mtengo kuposa nkhuku. Ndiye funsa: komiti ya pamjigo ilipo? Msungichuma ndani, ndipo m'thumba muli zingati? Mmisiri adabwera kudzatsegula n'kuona chavuta? Akapeza kuti vuto ndi lalikulu, monga mapaipi kugwera pansi kapena chitsime kuuma, pamenepo ndiye mulembe kalata kuofesi ya zamadzi kuboma kudzera kwa khansala ndi ADC, ndipo kope lake lisale m'buku lako.

Podikira zimenezo, madzi a m'dambowo musamwe osathira mankhwala. Pita kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akupatse kulorini ndi kukuonetsa kathiridwe kake, apo ayi uziwiritsa mpaka abwadamuke. Mwana akatsegula m'mimba umupatse Thanzi ORS pafupipafupi ndi mapiritsi a zinki, ndipo woyamwayo usamusiyitse bere. Paketi ikasowa, sungunula masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Maso akalowa, liwombo likalowa, akakana kuyamwa kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, nyamuka nthawi yomweyo ngakhale njira ili yozungulira. Tisaiwale msanga kolera uja adayamba mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023: adadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo ambiri adali a m'madera a madzi ngati anuwa.

Mlatho ndiye nkhani ya bajeti, ndipo umafuna kuleza mtima ndi buku losamalidwa bwino. Kuboma kumafika madandaulo ambirimbiri, aliyense akuti lake ndiye lalikulu. Limene limamveka ndi lokhala ndi manambala. Usakangolemba kuti "tikuvutika". Khala pansi ndi mlangizi wa zaumoyo ndi anamwino a pachipatala chanu, muwerenge kuti mtsinjewo ukadzaza ndi midzi ingati ndi mabanja angati amene amatsekeredwa, ndi amayi angati adaberekera panjira kapena kunyumba chaka chathachi, ndi ana angati adaphonya katemera, ndi masiku angati ana asukulu adajomba. Aphunzitsi aakulu ali ndi kaundula, akuthandiza. Zimenezi zilowe m'maminitsi, wapampando asaine, agulupu adinde, ndipo kope lina lipite kwa khansala wa wodi yanu pamanja. Ulembe tsiku limene walipereka. Pakatha mwezi ukafunse kuti lafika pati, ndipo ukafunsenso mwezi winawo. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotsegukira anthu. Munthu wamba saponya voti koma amaloledwa kukhala n'kumvetsera. Tsiku lokambirana bajeti mutasonkherana ya thiransipoti n'kutumiza anthu awiri, khansala wanu adzalankhula mosiyana podziwa kuti kumbuyo kwakhala maso a kwawo.

Ntchito ikadzavomerezedwa, mpamene mlembi amayenera kutsegula maso kwambiri. Mafunso ake ndi omwe umafunsa telala ukamasoketsa diresi: ndalama zingati, zachokera thumba liti, akumanga ndani, atha liti. Pamalo a ntchito pazikhala chikwangwani chonena zimenezi. Simenti ikabwera muwerenge matumba anthu akuona, ndipo dzina lako lisapezeke papepala la katundu amene sudamuone ndi maso ako, ngakhale wokupempha kusainayo atakhala munthu wolemekezeka bwanji. Wina akakukaniza kuona mapepala, dziwa kuti pali lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Umalemba kalata yopempha, ndipo ofesi imayenera kuyankha. Zikakanika pali ofesi ya Ombudsman, ndipo pakanunkha katangale pali bungwe la ACB.

Ndisakunamize kuti ukatsata zonsezi mlatho ubwera chaka chino. Ndakhala m'boma nthawi yaitali, ndikudziwa. Ma VAP ena amangodyedwa ndi chiswe m'makabati. Ndalama zochokera kulikulu zimachedwa, zina zimafika zoperewera. Andale amakokera ntchito kumene kuli mavoti awo, ndipo malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma akhala akutchula makhonsolo osowetsa malisiti. Udzapsa mtima, tsiku lina udzalira. Koma pa zimene ndaona ine, wakuba amasankha mudzi wogona. Pachipatala china chimene ndidagwirako nditatsala pang'ono kupuma, komiti ya anthu a m'midzi yoyang'anira chipatala idali ndi gogo wina wosadziwa kulemba bwino, koma galimoto ya mankhwala ikafika ankabwera ndi ndodo yake n'kukhala pakhomo la sitolo mpaka katoni yomaliza itawerengedwa. Ena mwa ife tinkamuona ngati chisokonezo. Koma mwezi ukamatha, LA ndi panado zinkapezeka pashelefu.

Inunso a m'tauni amene mukuwerenga muli pasofa, musati izi n'zakumudzi. Zinyalala zaunjikana pamsika wa kwanuko, chimbudzi cha pasukulu ya mwana wanu chidadzaza, ngalande yatsekeka, pamene msonkho wa khonsolo mukulipira kudzera mu lendi. Khansala wa wodi yanu mudamusankha pa 16 September 2025. Dzina lake mukulidziwa? Kumsonkhano wa makolo kusukulu mumatumako wantchito kapena simupitako n'komwe, chikhalirecho kumeneko ndi kumene amafotokoza za ndalama zimene boma limatumiza zotukulira sukuluyo.

Tsopano ndilankhule ndi inu, akamwini anga, poti mwanayu ndamutenga ngati wanga. Iwe uwapatse nyuzipepalayi awerenge okha, usachite kuwawerengera ndi mawu okweza.

Bambo, mkazi wanu wakuchitirani umboni wabwino: simumenya, ana mumasamala. Amuna otere sachuluka m'makalata amene ndimalandira, ndiye ndikulankhula nanu mwaulemu. Mwati kulibe alawansi. N'zoona, ndipo matenda ofunsa alawansi ndi amene adatiwononga ambiri, ine ndemwe ndaulula pamwambapa. Koma tatengani pensulo. Lembani ndalama imene mudalipira mwini ngolo usiku uja. Onjezani ya kabaza ulendo uliwonse mwathamangira kuchipatala ndi mwana wotsegula m'mimba, modzera njira yakutali poti mlatho palibe. Onjezani mankhwala ogula kugolosale, masiku amene khasu lagona chifukwa muli kuchipatala, ndi mtengo wolira umene mavenda amakugulani nawo chimanga ndi soya podziwa kuti galimoto zina sizifika kwanuko. Mukaphatikiza, muona kuti mlatho wakugwawo mukuulipira kale chaka ndi chaka, kungoti simulandira lisiti. Ndipo usiku uja mukadabwerera ndi mtembo pangolo, bwenzi lero mukulera ana awiri nokha.

Za zibwenzi, ine m'moyo wanga ndaona zibwenzi zoyambira kutchalitchi, kumaliro, kuchigayo, ngakhale m'wodi ya chipatala momwe. Wachimasomaso sadikira komiti. Misonkhano ya VDC imachitika dzuwa likuswa mtengo, pabwalo, mudzi wonse ukuona. Ngati mtima ukukayika, mutsagane naye, mukakhale kumbuyo n'kumvetsera. Mwinanso mukapezako ntchito yanu: mjigo ukufuna amuna okoka ndodo pokonza, mlatho udzafuna otuta mchenga ndi miyala, ndipo achinyamata a msinkhu wanu ndi amene amasowa m'misonkhano imeneyi, n'chifukwa chake mukuiona ngati ya madala. Idakhala ya madala chifukwa inu mudawasiyira.

Koma ndikuganiza kuti chikukuwawani kwenikweni si alawansi kapena zibwenzi. Ndi mawu a anzanu pabawo, oti pakhomo panu tambala ndi mkazi. Amenewo alekeni alankhule. Tsiku limene madzi adzatuluke pamjigo, akazi awo adzakhala pamzere womwewo ndi zidebe.

Kwa amayi anu ndinena mofatsa, poti ndife a msinkhu umodzi. Chilangizo chimene tidalandira ife chidatiphunzitsa ulemu, ndipo ulemu ndi wabwino. Koma palibe namkungwi adatiuza kuti mwana akamafa ndi madzi oipa mayi akhale chete. Malemu Inkosi Kachindamoto a ku Dedza adali mayi, ankalankhula pabwalo pamaso pa magulupu ndi nyakwawa, n'kuthetsa maukwati a ana mazanamazana. Mkazi angathe kugwada popereka madzi kwa apongozi m'mawa, masana n'kuimirira kuwerenga maminitsi.

Mawu oti "sankhapo" aja, bambo, muwabweze. Ndi mawu olemera, satulutsidwa wamba, ndipo tsiku lina munthu amadzasankhadi.

Ndibwerere kwa iwe, mwana wanga, chifukwa nawenso ndili ndi pokudzudzula. M'kalata yako sindikuona pamene udakhala pansi ndi amuna ako n'kuwafotokozera usanavomere udindowu. Zikuoneka kuti adamvera kwa anthu kapena udangofika n'kulengeza. Mwamuna amene wamva nkhani ya m'nyumba mwake kuchokera kubwalo amayamba wakana kaye, ngakhale nkhaniyo ili yabwino. Upepese pa chimenecho chokha, osati pa kusankhidwa kwako. Usankhe nthawi yabwino, ana atagona, osati iwo atangofika kuchokera kumunda ndi njala. Uwauze masiku a misonkhano nthawi ikadalipo, mugwirizane za amene atsale ndi ana, ndipo ukabwerako uziwafotokozera zimene mwakambirana ndi kuwafunsa maganizo. Chizungu cha kumisonkhano ndi mawu a mlembi uzisiye pakhomo polowa m'nyumba. Ndaonapo amayi abwinobwino atapita kumaphunziro a masiku atatu kuboma n'kubwerako akuyankha amuna awo ngati akuyankha kalaliki.

Kubwaloko usavale nsalu yachipani, ngakhale ya chipani chimene umachikonda, chifukwa tsiku lomwelo theka la mudzi lidzaleka kukumvera ndipo amuna ako adzakhala kuti adanena zoona. Ndalama za komiti zisagone m'nyumba mwako. Mlembi amasunga buku, osati thumba. Ndipo maulendo ogona konko akadzayamba kubwera, uzikambirana nawo kaye, osangonyamula chikwama.

Mukakambirana awiri koma iwo n'kuumirirabe pa mawu aja, usathamangire kulongedza katundu kapena kukatula udindo mwakachetechete. Itana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo ngati n'kotheka agulupu kapena akulu a mpingo alankhule nawo, poti amene adakusankha ndi mudzi, si iwe wekha. Nthawi zambiri mwamuna amene wakana pamaso pa mkazi wake amavomera akapemphedwa ndi akuluakulu, chifukwa pamenepo ulemu wake wabwerera.

Chinthu china, ndisaiwale unamwino wanga. Mwana wachiwiriyo akadali wamng'ono, ndiye pita kuchipatala mukasankhe njira yolera, thupi lipume zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mukadzafuna wachitatu, sikelo uyambe miyezi itatu isanathe, ndipo mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba unyamuke ukakhale kuchidikiro, makamaka ngati ndi nthawi ya mvula. Mlatho ukhalepo kapena usakhalepo, pangolo usadzaberekerenso. Uwauzenso amayi anzako adakusankha aja zomwezi, ndipo mlembe m'buku mayina a onse oyembekezera a tsidya lanulo kuti mudziwe woyenera kuwoloka msanga.

Sabata ino yamba ndi kupeza mmisiri wa mijigo, ndipo pomuitana upemphe amuna ako kuti ndiwo akamutenge panjinga. Undilemberenso akatsegula, undiuze chimene apeza m'katimo.

Anamwino